Ndinati Mkaka Wanga Wawawa ndi Fodya

Ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga ndi manja anga omwewa, osati chifukwa cha nkhanza ayi, koma chifukwa cha changu pantchito ndiponso makani. Ndikuvomera poyera, pakuti kubisa n'komwe kunandifikitsa pamene ndinafika. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mwana wanu amabweza mkaka akangoyamwa, ndikupemphani muwerenge nkhani yangayi mpaka kumapeto. Mwana wanga ali moyo lero, akuthamangitsa nkhuku pabwalo, ndipo amene anamupulumutsa ndi munthu amene ine ndinkamuyesa wopanda pake.

Ndimakhala m'mudzi wina chakuno ku Mkanda, pamalo amene anandisiyira malemu mayi anga. Amuna anga, bambo a Tadala, anabwera kudzakhala kwathu kuno, ndipo timalima chimanga, mtedza ndi kamunda ka fodya wa mtundu wa bale. Ndisadzichepetse mwachinyengo, pantchito ndine moto. Pa kusoka fodya m'mudzi muno palibe amene amandiposa. Anzanga akamamaliza mulu umodzi ine ndimakhala ndili pakati pa wachiwiri, uku ndikuwaseka kuti manja anawaiwala kunyumba. Tsoka lake pakamwa panganso m'pachangu chimodzimodzi. Bambo a Tadala amati ine ndimayankha munthu asanamalize kufunsa, ndipo akamanena zimenezo ndimawayankha asanamalize.

Lonjezo ndi mwana wanga wachitatu. Anabadwa mu Januwale mvula ili pakati, wonenepa bwino, wolira mokweza. Akulu ake awiri ndinawalera popanda vuto: ankayamwa, n'kugona, ine n'kumagwira ntchito. Ndiye ndinkadziona ngati katswiri wolera ana. Koma Lonjezo atangotha masabata awiri anayamba kubweza mkaka. Akayamwa, pakangopita kanthawi, mkaka uja unkabwerera kukamwa, nthawi zina mpaka m'mphuno. Ankalira, kudzikhotetsa chagada, kukana bere, kenako n'kulifunanso. Zitenje zanga zonse zinkanunkha mkaka wosasa, moti kutchalitchi ndinayamba kukhala benchi yakumbuyo. Komabe kusikelo koyamba ananena kuti akukula bwino. Mlangizi wa zaumoyo anandiuza kuti ana ambiri amatero, chofunika n'kusamala kayamwitsidwe. Anayamba kufotokoza zoti ndizichita, koma ine mutu unali kale kumunda. Ndinangoti eya, eya, n'kunyamuka.

Amene munalimapo fodya mukuidziwa miyezi ya Febuluwale ndi Malichi. Fodya amayamba kupsa masamba am'munsi, ndipo akapsa sadikira kuti kunyumba kwabadwa mwana. Kuthyola n'kuwerama kuyambira poyamba mzere mpaka pothera, kenako kututa masamba kupita nawo kuchigafa, chisakasa choumitsiramo fodya, kukhala pansi n'kusoka mpaka msana kuuma. Ine ndinali ndi njira yanga imene ndinkainyadira. M'mawa ndinkamuyamwitsa mwana mabere onse awiri mpaka kamimba kati tho, kuti asandisokoneze kufikira masana. Akangochoka pabere ndinkamuponya kumsana, kumanga chitenje mothinitsa kuti asagwe powerama, n'kulowa m'munda. Kuchigafa nakonso chimodzimodzi: kumukhutitsa kamodzi, kumugoneka pathumba, ine n'kugwira singano. Akasanza ndinkati wataya zonse, ali ndi njala, ndiye ndinkamukhutitsanso. Taganizani inu owerenga, kamwana kodzaza mkaka, komangidwa pamimba, mayi wake atawerama mutu pansi. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, koma nthawi imeneyo ndinkati ndi nzeru.

Kutsidya kwa dambo lathu kuli esiteti ya fodya, ndipo kumakhala matenanti ochokera kutali. Ife eni mudzi, tinene zoona, sitiwawerengera. Timati ndi anthu obwera pa lole, opanda munda kuno, opanda manda kuno. Nyengo ya njala akazi awo amalowa m'midzi kufuna ganyu wa chimanga, ndipo chaka chimenecho kwathu kunkabwera mayi wina wochokera ku Phalombe, wochepa thupi, wofatsa, amene anzake ankamutchula kuti amake Fanesi. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zingapo, koma ine ndinkawati iwe. Ankabwera masana akamaliza gawo lawo kuesiteti, n'kudzatithandiza kusoka. Manja awo anali ochedwa, kalankhulidwe kawo ka kummwera kankandiseketsa, ndipo sindinkabisa kuseka kwanga. Chimene ndinaona n'chakuti maso awo sankachoka pa mwana wanga. Lonjezo akangotsokomola pathumba paja, singano yawo inkaima.

Tsiku lina analimba mtima n'kundilankhula.

"Amayi, pepanitu, mwanayu musamamukhutitse kamodzi. Muzimupatsa pang'ono pang'ono, akayamwa muzimuimika paphewa ageye kaye. Kumugoneka pompoku n'kumene kukumubwezetsa."

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinawauza kuti ndalera ana awiri, onse ali kusukulu, ndipo ine sindinaitane nesi wa ku Phalombe, ndinaitana waganyu. Ndinawonjeza kuti nthawi yoimika ana paphewa ali nayo ndi anthu opanda munda wawowawo. Iwo anangoti, "Pepani amayi," n'kutola singano. Mawu amenewo ndinalankhula ndine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndipo mpaka lero amandiwawa.

Kusanza kutapitirira, ndinapita kwa amayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga. Amandikonda kwambiri, ndipo sindikuwaimba mlandu, chifukwa ananena zimene iwonso anamva kwa ena. Anandiuza kuti ndifinyire mkaka m'kambale. Unatuluka wamadzimadzi, wosayera bwino. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, iwe umakhalitsa m'fodya. Fodyayu wakulowa m'thupi, mkaka wawawa, n'chifukwa chake mwana akuulavula. Talawa wekha umve." Ndinaviika chala n'kulawa. Inu, unali wowawa ngati mankhwala a malungo! Ndinakhulupirira pomwepo. Sindinaganize n'komwe kuti ndinali nditachokera kuchigafa, zala zili bii ndi utomoni wa fodya umene suchoka ngakhale usambe ndi sopo kawiri. Chala chimenecho chikanawawitsa ngakhale uchi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuchotsa kubere mwana wa miyezi iwiri yokha. Ndinkamuyamwitsa kamodzi m'mawa ndisanakhudze fodya, poganiza kuti nthawi imeneyo mkaka umakhala wabwinoko. Tsiku lonse lotsalalo ndinkamupatsa phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi madzi a shuga pasupuni. Mabere ankatupa, kuwawa ngati zithupsa, ndipo ndinkapita kuseri kwa chigafa kukafinyira mkaka pansi. Chakudya cha mwana wanga ndinkamwetsa nyerere. Bambo a Tadala atafunsa ngati zimenezi zili bwino, ndinawafunsa kuti iwo anayamwitsapo ana angati. Tsiku la sikelo litakwana sindinapite. Ndinkati fodya wachuluka, koma chenicheni n'chakuti ndinkadziwa kuti mlangizi akandifunsa chimene mwana akudya, ndipo sindinkafuna kuuzidwa zochita.

Phala silinaletse kusanza. Linangowonjezera kutsegula m'mimba. Pa masabata atatu okha mwana wanga anasintha ine ndikuona. Masaya anaphwa, khungu la m'ntchafu linayamba kukwinyika, liwombo linalowa m'kati, ndipo kulira kwake kokweza kuja kunasanduka kamawu kosamveka n'komwe kuseri kwa nyumba. Matewera ankakhala ouma nthawi yaitali, ine n'kumati bola kuchapa kwachepa. Mtima unkandiuza kuti zinthu sizili bwino, koma ndikanavomera zimenezo ndiye kuti ndikanavomeranso kuti mayi waganyu uja ananena zoona. Choncho ndinkangodziuza kuti fodya akatha ndidzapita naye kuchipatala. Amake Fanesi sanalankhulenso, koma anayamba kukhala pafupi ndi thumba limene ndinkagonekapo mwana. Ine ndinkati akuthawa dzuwa.

Linali Lachinayi masana, chakumapeto kwa Malichi. Ndinamumwetsa phala mofulumira chifukwa mitambo inkasonkhana ndipo masamba anali akadali panja. Ndinamugoneka n'kuthamangira kukatuta. Sindinamve chilichonse, chifukwa mwana akatsamwa mawu satuluka. Ndinangomva amake Fanesi akukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Potembenuka ndinaona atamunyamula kale. Phala linali litatulukira m'kamwa ndi m'mphuno, maso ali tong'o, milomo itayamba kuda. Ine wachangu uja ndinangoima masamba ali m'manja. Iwo anamugoneka chafufumimba pamkono pawo, mutu chakumunsi, n'kumumenya pamsana pakati pa mapewa, kamodzi, kawiri, katatu. Kachinayi phala linatuluka, kenako kamawu. Chibadwire sindinamvepo kulira kokoma ngati kumene kuja.

Pondipatsa mwana sanalankhule ngati waganyu. "Kuchipatala pompano. Fodya anyowe. Musamubereke, mugwireni pachifuwa chilili." Bambo a Tadala anali atatulutsa kale njinga. Ndinakhala pakaliyala mwana ali pachifuwa, mvula itayamba kuwaza, ndipo podutsa padambo iwo anatsika n'kumakankha njinga m'matope ine ndili pomwepo. Sanandinene, sanandikumbutse funso lawo lija, ankangopuma mwamphamvu ndi kukankha. Ulendo wonse ndinkaika khutu pakamwa pa mwana kuti ndimve ngati akupuma. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, longoti Ambuye, Ambuye.

Pachipatala chathu chaching'ono tinapeza nesi wachitsikana, woti n'kukhala mng'ono wanga. Atamuika mwana pasikelo n'kuyang'ana kadi, anandionetsa mzere wa pakadipo ukuloza pansi. Mwana anali atapepuka kuposa mmene analili pa sikelo yomaliza ija. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale, koma iye anangondifunsa mofatsa kuti mwana akudya chiyani. Kufatsa kumeneko n'kumene kunandigonjetsa. Ndinaulula zonse, mpaka za kambale kaja. Anayang'ana zala zanga, n'kundiuza kuti ndisambe bwinobwino. Kenako anandipatsa supuni yoyera kuti ndifinyirepo timadontho ndilawe osakhudza ndi chala. Unali wotsekemera, inu. Ndinalira pamaso pa anthu, ine amene sindinalire mokweza ngakhale pamaliro a mayi anga.

Nditatonthola anandifotokozera kuti pamene chakudya chimalowera m'mimba pali ngati kachitseko, ndipo mwa ana ena kamachedwa kulimba. Mimba ya khanda ndi yaing'ono. Ukaidzaza kwambiri, n'kuipanikiza ndi chitenje kapena kumugoneka mwana nthawi yomweyo, mkaka umabwerera. Si kuti mkaka waipa. Umene umayamba kutuluka umaoneka wamadzimadzi mwa mayi aliyense, wokhuthala umabwera pambuyo. Ana ambiri obweza mkaka amakula bwinobwino ali pabere, ndipo vutolo limachepa lokha akayamba kukhala ndi kuimirira. Chimene chinadwalitsa mwana wanga si kubweza kuja ayi, koma phala ndi madzi amene ndinamupatsa m'mimba mwake musanakhwime. Anatinso fodya si wabwino kwa khanda, ndizisamba m'manja ndisanamugwire ndipo asamakhale m'chigafa n'kumapuma fumbi lake. Kenako anandiuza kayamwitsidwe koyenera: pang'ono koma pafupipafupi, mutu wa mwana uli chakumwamba, kumugeyetsa, ndi kumuimika paphewa kanthawi ndithu asanagone. Mawu ake anali omwe aja a amake Fanesi, kusiyana kwake kunali yunifomu basi.

Anatitumiza kuchipatala chachikulu kuboma, kumene tinakhala masiku asanu ndi limodzi. Mwana anamuthandiza za kutsegula m'mimba zija, koma nkhondo yaikulu inali yobwezeretsa mkaka, chifukwa mabere anali atayamba kuuma. Anamwino ankandiuza kuti ndizimuika pabere kawirikawiri ngakhale patuluke timadontho tokha, ndizimufungatira pachifuwa panga wosavala kuti amve thupi langa, ndizidya ndi kumwa mokwanira. Masiku oyamba ankayamwa n'kulira chifukwa chosapeza zokwanira, ine n'kumalira naye. Koma kuti mudziwe khalidwe langa, ngakhale pamenepo ndinkangodandaula za fodya wanga amene akupserera m'munda. Mayi wina wa ku Zambia, pabedi loyandikana ndi langa, anatopa nane.

"Imwe amai, khalani chabe pansi. Fodya muzalima futi chaka chamawa. Uyu simuzamupeza pamsika."

Ndinangotembenuka n'kumuikanso mwana pabere. Tsiku lachisanu m'mawa ndinamva mabere akulasalasa, ndipo nditamuika mwana ndinamva ndi makutu angawa akumeza. Ndinaitana namwino kuti nayenso adzamve, ngati kuti iye anali asanamvepo mwana akumeza.

Tinabwerera kumudzi ndikudziwa kuti fodya wathu wathera m'munda. Ndinapeza m'chigafa muli mikangala yatsopano, mitengo yopachikapo fodya, yodzaza masamba. Amake Fanesi anali atauza anzawo awiri a kuesiteti, ndipo masana onse akamaliza gawo lawo ankawoloka dambo kudzathandiza bambo a Tadala. Palibe amene anawatuma. Nditafuna kutenga singano amake Fanesi anandilanda. "Ayi amayi, ntchito yanu ndi iyo ili paphewayo." Amayi aakulu nawo atamva za supuni ija anagwira pakamwa, ndipo ndiwo anayamba kundilondera kuti ndisayandikire chigafa.

Ndiye ndinkakhala patali, pansi pa mtengo wa mango, kumuyamwitsa pang'ono, kumuimika, kumusisita pamsana mpaka ageye, kudikira, kenako kuyambiranso. Kwa munthu wonga ine chimenecho chinali chilango. Ndinkaona kasokedwe kawo kochedwa, manja n'kumandiyabwa, lilime nalonso kuyabwa, koma ndinaphunzira kulimanga. Ndipo m'kukhala chete kumeneko ndinayamba kumudziwa mwana wanga. Ndinadziwa kuti akafuna kugeya amakwinya kamphumi, kuti akasiya bere n'kutembenuza mutu ndiye kuti zamukwanira, kuti amakonda kugwira khutu langa. Akulu ake awiri aja sindinawaonepo chotero, chifukwa nthawi zonse ankakhala kumsana, ine maso ali pantchito. Fodya wina anapserera ndithu, ndipo chaka chimenecho mabelo athu anali ochepa. Koma pa sikelo yotsatira mzere wa pakadi unaloza kumwamba, pa inanso unakwera. Kubweza sikunathe. Ankabwezabe pang'ono pafupifupi tsiku lililonse, koma tsopano ankabweza akuseka, masaya atabwerera.

Mwezi wa Meyi tikuthothola mtedza pakhonde, ndinawapepesa amake Fanesi. Kupepesa sindikudziwa, ndiye zinatuluka mokhotakhota, koma anamva. Kenako ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa miyezi itatu m'mbuyomo. Munthu ndinkamutchula dzina la mwana wake tsiku ndi tsiku, koma Fanesiyo ndinali ndisanamuonepo. Ndinafunsa ngati anamusiya kumudzi kwa abale. Iwo anapitiriza kuthothola, osandiyang'ana.

"Ali kumudzi, eetu. Kumanda. Ankabweza chonchi. Anthu anati mkaka wanga ndi woipa, nde ndinamuchotsa kubere n'kumamupatsa phala. Pofika kuchipatala n'kuti mochedwa. Zonsezi anesi anandiuza mwana atapita kale. Anali ndi miyezi inayi." Anatola phata lina la mtedza. "Wina sindinapatsidwenso. Nde wanuyu akamatsokomola, mtima sumandilola kukhala."

Ndinakumbukira mawu anga aja, akuti ine ndalera ana awiri, ndipo ndinasowa poyang'ana. Mayi ameneyu anandibweretsera nzeru imene anaipeza potaya mwana wake yekhayo, ine n'kumubwezera chipongwe. Ndipo atachitidwa chipongwe sanachoke, anangosuntha n'kukhala pafupi ndi thumba.

Msika wa fodya utatha, mu Ogasiti, lole inabwera kudzatenga matenanti amene sankafuna kukhalanso chaka china. Amuna awo a amake Fanesi anali atatopa, anati akayesere kwina. Ndinapita kukatsanzikana nawo nditasenza thumba la mtedza ndi chitenje chatsopano, zinthu zochepa zochititsa manyazi poyerekeza ndi zimene anandichitira. Anapempha kuti amunyamuleko Lonjezo, amene tsopano anali wa miyezi isanu ndi iwiri, wolemera, wokhala yekha. Anamuimika paphewa monga ankandiuzira paja, n'kumamusisita. Mwana uja anageya, n'kuwabwezera mkaka pa bulauzi yawo ya paulendo. Ndinathamangira kupukuta, koma anandigwira dzanja.

"Usiyeni amayi, ndipite nawo."

Anakwera lole ali ndi banga loyera paphewa, akuseka misozi ili m'masaya. Foni analibe, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamvenso za iwo.

Lonjezo anasiya kubweza atayamba kuimirira ndi kugwira zinthu, monga ananenera nesi uja, ndipo anayamwa mpaka zaka ziwiri. Ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse. Ndimathokoza kamtsikana ka yunifomu kaja kamene sikanandikalipire, anamwino a kuboma amene sanatope nane, ndi bambo a Tadala amene anakankha njinga m'matope osatulutsa mawu oipa ngakhale amodzi. Pakamwa panga sipanachire kwenikweni, ndisakunamizeni, koma masiku ano munthu akamalankhula ndimayesetsa kuti amalize.

Tsono inu amayi anzanga, mwana akamabweza mkaka musathamangire kunena kuti mkaka wanu waipa. Musamuchotse kubere, ndipo musamupatse phala kapena madzi miyezi isanu ndi umodzi isanakwane, ngakhale akuuzeni ndi munthu wokukondani chotani. Muyamwitseni pang'ono pafupipafupi, muimikeni paphewa ageye, musamumange mothinitsa n'kukawerama naye atangoyamwa. Mukamuimika mokwanira ndipo wagona tulo, mugonekeni chagada pamalo osalala. Koma mukaona masanzi obiriwira kapena a magazi, kusanza kwamphamvu nthawi iliyonse akayamwa, kukana bere, kutentha thupi, liwombo kulowa, matewera kuuma kapena sikelo kutsika, musadikire kuti ntchito ithe monga ndinachitira ine. Nyamukani tsiku lomwelo. Kusikelo musajombe, ndipo akakufunsani nenani zoona, chifukwa manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka kuposa zimene ndinaona m'chigafa muja.

Inunso abambo, alamu ndi apongozi, dziwani kuti mwana wobweza mkaka safuna mankhwala ambiri, amafuna nthawi, ndipo mayi wa pamunda nthawi alibe pokhapokha wina amugawireko. Mukaona mayi wakhala pamthunzi mwana ali paphewa, musati ndi ulesi. Tengani singano yake mumusokereko. Ndipo munthu amene mumamuona wotsika akakuuzani kanthu, musayambe mwafunsa kumene wachokera. Mvetserani, chifukwa simukudziwa chimene anataya kuti adziwe zimene akunenazo.

Chotsiriza ndi pempho. Inu a ku Phalombe, kapena kulikonse kumene malole amakatula matenanti, mukadzakumana ndi mayi wochepa thupi, wofatsa, wochedwa kusoka fodya, amene amatchulidwa dzina la mwana amene simumuona, muwauze kuti mayi wamakani wa ku Mkanda uja anamva. Muwauze kuti mwana ali moyo, ndipo ndikamufunsa kuti amayi ake ndi angati, amakweza zala ziwiri.